Phazi la chombo pa Mwezi: chithunzi chingamuuze munthu kuya kwa dothi?

Nabanda wa ku 25: Mwaswera bwanji nonse. Lachisanu ndili ndi ana a kalabu ya sayansi, ndipo ndinawalonjeza za Mwezi, chifukwa chionereni kadamsana uja wa pa 7 Sepitembala 2025 sakundipatsa mpata. Chithunzi ndaikachi akuti ndi phazi la chombo chotchedwa Surveyor 3, pambali pakepo ndi chidindo pomwe phazilo lidayamba laponda. Ndiye mtsikana wina wa Fomu 2 wandifunsa funso landisowetsa chonena. Akuti, "Madamu, poti m'chombomo munalibe munthu, adadziwa bwanji kuti dothilo ndi lofewa kapena lolimba? Kamera imakhudza?" Ndithandizeni ndisakachite manyazi pamaso pa ana.

Bambo a Tadala: Mwana ameneyo ndi wanzeru, mumusamale. Ine ndakhala ndikunena pano kuti zimenezi adajambulira kuseri kwa nyumba kwawo komweko. Taonani bwino chidindocho. Dothi louma lingagwire chidindo chakuthwa m'mbali chonchi? Ine mchenga ndimaugwira tsiku ndi tsiku. Mchenga wouma wa ku Lingadzi ukaponda, kungochotsa phazi umagumukira mkati. Apa adathirapo madzi basi.

Dalaivala wa Kawale: Ayambapo a Tomasi athu kkkk

Bambo a Tadala: Si utomasi achimwene, ndi ntchito yanga imeneyi.

Wa ku Bunda: Bambo a Tadala, yankho lake muli nalo pa saiti panu pomwepo. Tandiuzani, mukaponda pa mulu wa fumbi la kwale louma gwa, kapena pa simenti yotayika m'thumba, jombo yanu imasiya chiyani?

Bambo a Tadala: Pa simenti imadinda mpaka nambala ya jombo kuwerengeka. Koma simenti ndi simenti.

Wa ku Bunda: Ndi pomwepo. Mchenga wa mumtsinje madzi akhala akuugubuduza zaka zosawerengeka, ndiye timibulu take n'tosalala, timatsetsereka tokha. Fumbi la kwale ndi mwala woswedwa dzulodzuloli, timibulu take tili ndi mano, timakolana. Ku Mwezi kulibe mtsinje, kulibe mphepo, kulibe mvula. Dothi lake lonse ndi thanthwe lomwe lakhala likuswedwa ndi miyala yogwa kuchokera m'mlengalenga, ndipo chiswekereni palibe chidalisalaza. Asayansi amalitcha regolith pofuna kulisiyanitsa ndi la m'munda, poti mulibe manyowa, mulibe nyongolotsi, mulibe muzu udaoleramo. Mulinso timagalasi. Kamwala kakang'ono kakagwa ndi liwiro kamasungunula pomwe kagwerapo, galasilo likazizira n'kumata timibulu pamodzi. Dothi lotere ligwira chidindo popanda dontho la madzi.

aPhiri a ku 47: Moni nonse, ndinali ku maliro ku Nathenje, netiweki inali yovuta. Madamu, mwasankha chithunzi chabwino, koma musawapatse anawo yankho msanga. Ayambe amva kuti mantha adali otani. Chisanafike chaka cha 1966 panalibe wodziwa motsimikiza kuti pamwamba pa Mwezi n'potani. Katswiri wina wotchuka, Thomas Gold, ankachenjeza kuti m'malo akuda aja mungakhale fumbi lakuya, loti chombo chikatera chingatitimire ngati ng'ombe m'thope la kudambo. Tangoganizani, mukufuna kutumiza anthu amoyo, koma simukudziwa ngati pansi pangawanyamule.

Oyamba kuyankha adali a Soviet Union. Chombo chawo cha Luna 9 chidatera pa 3 Febuluwale 1966. Chinali ngati chimpira chachitsulo, chidatambasula mapiko anayi ngati duwa, kamera n'kuyamba kuzungulira. Umboni woyamba unali wongoti chithunzi chafika. Chinthu cha makilogalamu pafupifupi 100, matumba awiri a chimanga, chakhala pamwamba osamira, ndipo m'chithunzimo mukuoneka timiyala titakhalanso pamwamba. Choseketsa n'chakuti akatswiri a ku Jodrell Bank ku England adatchera dishi yawo yaikulu, n'kuzindikira kuti uthengawo ukubwera mofanana ndi mmene nyuzipepala zinkatumizirana zithunzi. Adabwereka makina ku nyuzipepala ya Daily Express, zithunzi n'kutuluka ku England eni ake ku Moscow asanazionetse.

Dalaivala wa Kawale: Kukolola m'munda mwa eni masanasana.

Wa ku Bunda: Pang'ono chabe madala, matumba awiriwo ku Mwezi amapepuka. Chinthu kumeneko chimalemera gawo limodzi mwa magawo 6 a kulemera kwake kuno.

aPhiri a ku 47: Zoona mwana wanga, n'chifukwa chake Luna 9 payokha sidakwanire. Chombo chonyamula anthu n'cholemera kutalitali. Apa ndi pomwe pakubwera chithunzi cha madamu. Amerika idatumiza zombo za Surveyor zokwana 7 pakati pa 1966 ndi 1968, zomwe zidatera bwino ndi 5. Choyamba chidatera pa 2 Juni 1966 ndipo chidatumiza zithunzi zoposa 11,000. Kamera yake inkayang'ana kumwamba, pamwamba pake pali kalilole wotembenuka, ndiye anthu pansi pano ankangotembenuza kaliloleyo kuti aone uku ndi uku.

Tsono mverani. Ine ndagwira ntchito yoyeza malo zaka 31, ndipo lamulo lathu n'lakuti chosadziwika umachiyeza ndi chodziwika. Adapanga phazi lija ndi iwo eni, akudziwa kuti m'mimba mwake ndi masentimita pafupifupi 30. Kulemera kwa chombo akukudziwa. M'miyendo adaikamo tizipangizo tomva mphamvu yomwe phazi lagundira pansi. Chotsala ndi chimodzi: lalowa mpaka pati? Chimenecho ndiye chithunzi chikunena. Phazi lidangolowa masentimita ochepa, dothi n'kutukumuka pang'ono m'mbali. Kamera sikhudza, eya, koma phazi lidakhudza, kamera n'kukhala mboni.

Surveyor 3 idachitanso mwayi wa tsoka. Potera mu Epulo 1967 injini zake sizidazime pa nthawi yake, ndiye idadumpha kawiri isanakhazikike, mkati mwa dzenje lotambalala mamita pafupifupi 200. Kudumphako ndi komwe kudasiya zidindo poyera zoti kamera izione. Chikanatera bwinobwino phazi likanakhala pamwamba pa chidindo chake chomwe.

Nabanda wa ku 25: Eee, "phazi lidakhudza, kamera n'kukhala mboni." Ndalemba kale pa pepala. Pitirizani bambo.

aPhiri a ku 47: Chombo cha Surveyor 3 chija chinalinso ndi mkono wotambasuka wokhala ndi kafosholo kunsonga. Munthu ali ku California ankaulamula, kudikira chithunzi, kulamulanso. Adakumba tingalande, kakuya kwambiri pafupifupi masentimita 18. Zipupa za ngalandezo zidaima chilili osagumuka, ndipo pansi pankalimbirapo akamapita mkati. Aliyense wodziwa kukumba maziko akaona chithunzi chimenecho amva nkhani yonse.

Bambo a Tadala: Chipupa cha faundeshoni chikaima chokha ndiye kuti dothi ndi logwirana, zimenezo sindikana. Koma masentimita 18 ndi kukanda chabe. Nkhuku yanga imafukula kuposa pamenepo. Ndiye akamati dothi la ku Mwezi ndi lakuya mamita akutiakuti, adawayeza ndi chiyani?

Nabanda wa ku 25: Limenelo ndiye lachiwiri lomwe ndikuliopa. M'buku ndawerenga kuti m'malo akuda ndi mamita 4 kapena 5, m'malo oyera a mapiri ndi 10 mpaka 15. Ana andifunsa ndithu.

aMbewe a Zitsime: Zikomo akuluakulu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, akundilemberayu ndi mdzukulu wanga. Ndakumba zitsime kuyambira ku Likuni mpaka ku Mpingu. Ndikadutsa pakhomo pomwe anyamata akukumba, sindifunsa kuti mwafika pati. Ndimayang'ana mulu uli pakamwa pa chitsime. Ukakhala wakuda okhaokha, adakali pamwamba. Katondo wofiira akayamba kuoneka, apitako. Ndikaona zibenthu za miyala ndimadziwa kuti agunda thanthwe, ndipo madzulo ake pakhala kukangana za mtengo. Komanso chomwe chili pamwamba pa mulu ndi chomwe chachokera pansi penipeni. Tsono mwati ku Mweziko maenje ali mbwee okumbika kale. Bwanji osangoyang'ana pakamwa pake?

aPhiri a ku 47: aMbewe, ndavula chipewa. Zimene mwanenazi ndi zomwe adachita. Eugene Shoemaker, yemwe ankatsogolera owerenga zithunzi za Surveyor, ndi anzake ankayang'ana maenje ozungulira chombo. Timaenje tating'ono pakamwa pake n'posalala, fumbi lokhalokha, kusonyeza kuti sitidaboole. Maenje okulirapo pakamwa pake pali zibuma za miyala yakuthwa, kusonyeza kuti adagunda thanthwe. Ndiye umafunafuna dzenje laling'ono kwambiri pakati pa okhala ndi miyala, kuya kwake n'kukhala pafupifupi kuya kwa dothi pamalopo. Ngakhale zoti chapansi chimathera pamwamba pa mulu, Shoemaker adaziona yekha pa chidzenje cha ku Arizona, pomwe miyala ya pakamwa idapindika chagada ngati wapinda mphasa.

Ena awiri, Oberbeck ndi Quaide, adachita kuwombera tizipolopolo pa mchenga woyalidwa pamwamba pa chinthu cholimba. Adapeza kuti dzenje likakhala laling'ono poyerekeza ndi kuya kwa mchenga limaoneka ngati mbale ya ndiwo. Kutambalala kwake kukapitirira kuya kwa mchenga pafupifupi ka 4, pansi pake pamayamba kuphwatalala kapena kutuluka kachulu pakati. Likakula kwambiri limakhala dzenje mkati mwa dzenje. Ndi maonekedwe okhawo, pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, ukhoza kuyeza dothi malo omwe chombo sichidaterepo.

aMbewe a Zitsime: Ndiye azunguwo ankalandira ndalama zingati pa zimenezi?

Mayi a Chisomo: Kkkkk aMbewe mwachedwa kubadwira ku California.

Wa ku Bunda: Ndipo njirayi idayesedwa ndi ina. Kagalimoto ka China ka Yutu-2, komwe kadatsika m'chombo cha Chang'e 4 mu Januwale 2019 m'dzenje la Von Kármán, kuseri kwa Mwezi komwe sitikuona kuno, kadanyamula chipangizo cha radar choona pansi. Kadapeza dothi losalala lokwana mamita pafupifupi 12, pansi pake miyala yosakanikirana. Malo akale, dothi lakuya. Pomwe Surveyor 7 idatera mu Januwale 1968, pafupi ndi dzenje la Tycho lomwe ndi latsopano, miyala ili ponseponse, dothi n'lochepa. Kuya kwa dothi ndi msinkhu wa malowo.

Mayi a Chisomo: Latsopano ndiye la liti?

Wa ku Bunda: Zaka pafupifupi 108 miliyoni mayi.

Mayi a Chisomo: Basi inenso ndine khanda.

Dalaivala wa Kawale: Koma za msinkhu wa maenje mundifunse ine. Musaseke, ndikunena zenizeni. Ndimayenda msewu umodzimodzi ka 8 pa tsiku. Dzenje latsopano pa tala limakhala ndi milomo yakuthwa, zibenthu zili pomwepo, ndi lomwe limang'amba tayala. Lakale milomo idatha, mkati mudadzaza dothi, umangomva galimoto yanyonyomala pang'ono. Ndipo kadzenje kakakhala pa mlomo wa dzenje lina, kadabwera pambuyo ndi kameneko. Msewu wokonzedwa chaka chatha maenje ndi owerengeka, womwe adauiwala ndi ngati sefa.

aPhiri a ku 47: Mwamaliza silabasi yonse achimwene. Kuwerenga maenje pa malo ndi njira yeniyeni yomwe amayezera zaka: maenje ambiri, malo akale. Kusiyana kwake n'kwakuti kwanu chimadya milomo ya dzenje ndi matayala ndi mvula, ku Mwezi ndi timiyala tating'onoting'ono togwa kosalekeza, ndipo ntchitoyo imatenga zaka mamiliyoni. Koma kuwerenga kumangokuuza kuti uyu ndi wamkulu kwa uyu. Kuti udziwe zaka zenizeni umafunika mwala m'manja. N'chifukwa chake magalamu 1,731 omwe chombo cha China cha Chang'e 5 chidabweretsa mu Disembala 2020 adali a mtengo wapatali. Miyala yake inali ya zaka pafupifupi 2 biliyoni, yaing'ono msinkhu kuposa ya Apollo, zombo za Amerika zomwe zidapita ndi anthu ku Mwezi, ndiye adakonzera sikelo yowerengera maenje ija.

Mayi a Chisomo: Pepani ndikubwezeni m'mbuyo. Chithunzi chachiwiri aika madamuchi ine sindikuonapo dzenje ngakhale limodzi. Ndikuona timilu ngati ta mbatata. Maso anga kapena?

Nabanda wa ku 25: Tembenuzani foni mutu pansi, koma muyambe mwatseka zija zoti chithunzi chizitembenuka chokha.

Mayi a Chisomo: Mayo ine! Asanduka maenje! Ufiti wanji umenewu?

Wa ku Bunda: Ubongo udazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba. Mthunzi ukakhala mbali yomwe sukuyembekezera, dzenje limaoneka chulu. Owerenga zithunzizi chinthu choyamba amafunsa n'chakuti dzuwa lili mbali iti.

aPhiri a ku 47: Ndipo mthunzi ndiwo tepi yawo. Dzuwa likakhala pa madigiri 45, kutalika kwa mthunzi n'chimodzimodzi ndi kutalika kwa chinthu. Likatsika mthunzi umatalika, koma ukadziwa ngodya yake masamu a Fomu 3 akukwana. Madamu, apa ana anu aona ntchito ya trigonometry yomwe amadana nayo ija. Dzenje laling'ono latsopano kuya kwake kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kutambalala kwake. Ukapeza losaya kuposa apo, ladzadza, ndi lakale.

Ichi n'chifukwa chakenso zombo zimakonda kutera kukamacha ku Mweziko. Usana wa kumeneko ndi masiku athu pafupifupi 14, ndiye ukatera m'mawa uli ndi dzuwa la sola lokwanira, komanso mithunzi ndi yaitali, kamwala kalikonse kakuoneka. Dzuwa likafika paliwombo zonse zimangoti mbee, dzenje osaliona. Ngakhale kuno, amene ali ndi mabainokyula asavutike tsiku lomwe Mwezi uli wathunthu. Yang'anani uli theka, pamalire a kuwala ndi mdima, mudzaona maenje ngati mungawagwire. Wathunthu ndi wabwino poonera Tycho yekha ndi mizere yake yoyera. Dzenje limenelo ndi makilomita 85, kuchoka mu Lilongwe muno kukafika ku Dedza. Musadabwe kulipeza cha kumtunda pomwe m'buku lili kumunsi. Mabuku ambiri adajambulidwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko, ife timauonera mbali ina.

Bambo a Tadala: Chabwino. Nanga nyenyezi zili kuti m'zithunzi zanuzi? Kumwamba kwangoti bii.

Dalaivala wa Kawale: Jambulani munthu usiku ataima pansi pa getsi la pa filing'i siteshoni, muone ngati nyenyezi zituluke.

Wa ku Bunda: Ayankha kale adalaivala. Pansi pakuwala ndi dzuwa la masana, kamera imatsinzina kuti isachite khungu, nyenyezi n'kusowa.

Koma kuti tisamangotamanda, zithunzi zimanamizanso. Ku Mwezi kulibe mtengo, nyumba kapena munthu woti uyerekezere kukula kwa chinthu, kulibenso chifunga chija chimachititsa phiri la Nkhoma kuoneka lotuwa ukakhala patali. Mwala wa apa ndi phiri la uko zimaoneka zakuthwa mofanana. Chakumapeto kwa 2021 Yutu-2 idajambula chinthu cha makona anayi chapatali, intaneti yonse n'kuti kanyumba. Kagalimotoko kadayenda milungu ingapo kuti kayandikire mtunda wa mamita pafupifupi 80. Kufika, ndi kamwala wamba kali pa mlomo wa dzenje. N'chifukwa chake amafuna zithunzi ziwiri za chinthu chimodzi kuchokera malo osiyana, monga maso athu awiri. Surveyor 6 mu Novembala 1967 adachita kuiyatsanso injini, idadumpha mamita 2 ndi theka, n'kujambulanso malo omwewo, kuphatikizapo zidindo zomwe idasiya.

aPhiri a ku 47: Bambo a Tadala, ndikusiyireni ichi mukachiganizire pogona. Mu Novembala 1969 Pete Conrad ndi Alan Bean a Apollo 12 adatera mamita pafupifupi 160 kuchokera pa Surveyor 3 yomweyi. Malowo adawapeza chifukwa Ewen Whitaker adafananiza maenje a m'zithunzi za chombocho ndi a m'zithunzi za m'mwamba mpaka adaloza kuti chili apa. Adayenda wapansi kukachiona. Chidindo chomwe madamu aikachi adachipeza chili chomwecho patatha zaka 2 ndi theka, mizere ya kuphazi ikuoneka. Adadula kamera yake n'kubwera nayo. Zomwe akatswiri adawerenga pa chithunzi, jombo ya munthu idakazitsimikiza.

Bambo a Tadala: Za chidindo ndavomera, poti ndapita kuseri ndaponda pa fumbi la kwale ndaona ndekha. Za anthu kupitako tidzakambirana tsiku lina.

Admin: Kumeneko n'kupita patsogolo. Chaka chatha ankakana ndi Mwezi womwe.

Mayi a Chisomo: Ine langa ndi limodzi. Dothi limenelo chimanga chingamere? Poti kuno feteleza watikwana.

Wa ku Bunda: Mu 2022 akatswiri a ku University of Florida adalengeza kuti adapatsidwa magalamu 12 okha a dothi la Apollo, n'kudzalamo kambewu kakang'ono koyesera kotchedwa Arabidopsis. Kadamera, koma konyentchera, chonsecho ankakathirira madzi osakaniza ndi chakudya cha mbewu. Ndiye feteleza mukamufunabe, kuonjezapo madzi ndi mpweya. Khalani konkuno mayi. Dothi lake ndi lankhanza. A Apollo ankati likalowa m'chombo limanunkha ngati wonga wa mfuti, linkakanda magalasi ndi kudya zovala, ndipo Harrison Schmitt wa Apollo 17 lidamuyetsemulitsa ngati chimfine.

Chondisangalatsa ine ndi cha Amwenye. Chombo chawo cha Chandrayaan-3 chidatera pa 23 Ogasiti 2023 cha kumwera kwenikweni, komwe kunali kusanaterepo chombo. Pa mawilo akumbuyo a kagalimoto kawo, Pragyan, adasemapo zizindikiro zoti zizidinda pansi kakamayenda. Sizidadinde bwino. Poyamba zinali ngati zokhumudwitsa, koma mkulu wa bungwe lawo la ISRO adati zikuonetsa kuti dothi la kumeneko ndi la zibulumwa, losiyana ndi lomwe ankayembekezera. Adalowetsanso kachitsulo koyeza kutentha. Pamwamba panali popitirira madigiri 50, koma masentimita 8 okha pansi kunali kozizira kupitirira pomwe madzi amaundana. Kutalika kwa chala chimodzi.

aMbewe a Zitsime: Ngati phulusa. Pamwamba ukhoza kugwira, pansi khala lili moto mpaka m'mawa. Kungoti uko zatembenuka.

Nabanda wa ku 25: Ndathokoza nonse, mwandipatsa zoposa za Lachisanu limodzi. Ndaganiza zoti ana apange okha maenje. Beseni, ufa woyera pansi, koko pamwamba, kuponyamo miyala, kenako kutseka mawindo n'kuunika ndi tochi cha m'mbali. Mayi a Chisomo mungandibwereke beseni lanu lalikulu lija ndi ufa pang'ono?

Mayi a Chisomo: Beseni tengani. Ufa ayi. Mwezi uno wa Okutobala munthu n'kumaponya miyala mu ufa? Agogo anga angadzuke kumanda. Sefani mchenga, pamwamba muwaze phulusa. Phulusa ndili nalo lambiri, magetsi akumathima chonchi mbaula sikupuma.

Wa ku Bunda: Zili bwinonso kuposa ufa. Mupange mabeseni awiri madamu. Lina mchenga wodzaza, lina wochepa, zala ziwiri zokha, kuti mwala uzigunda pansi pa beseni. Aone okha zija ananena aMbewe.

Nabanda wa ku 25: Lachisanu madzulo. Ndabwera ndi lipoti. Ana anabwera 43, ena si a kalabu n'komwe. Tinatchinga mawindo ndi zitenje. Mwala woyamba utagwa, mchenga woyera unathovokera pamwamba pa phulusa, mizere mbali zonse, ndipo mnyamata wina anakuwa kuti "Tycho!" ndisananene kanthu. Za tochi ndiye zinawagwira mtima. Ndikaunika kuchokera pamwamba maenje ankazimirira, ndikatsitsa tochi mpaka pa mlomo wa beseni ankatuluka onse, ndi tija tochepetsetsa tomwe. Beseni la mchenga wochepa linatulutsadi maenje ophwatalala pansi. Mtsikana wa funso uja anayeza mthunzi ndi rula, n'kulowetsa kamtengo ka machesi m'dzenje kuti aone ngati masamu akugwirizana. Anaphonya ndi mamilimita ochepa, ndipo anakwiya ndi rula.

Koma andigwiranso pena. Akaponya mwala chopendekera, dzenje limatuluka lotalika ngati dzira, ndipo mwala umatsala momwemo. Ndiye akuti, ku Mwezi bwanji pafupifupi onse ndi ozungulira? Miyala yonse imagwa choongoka? Nanga miyalayo ili kuti?

aPhiri a ku 47: Ana amenewo akufika pomwe akatswiri adakanganirana zaka zambiri. Ambiri kale ankati maenjewa ndi a ziphalaphala za moto zochokera pansi, ndipo chifukwa chimodzi chinali chomwechi. Yankho ndi liwiro. Mwala wa mwana wanu ukukankha mchenga. Wa ku Mwezi umafika pa liwiro la makilomita ngati 20 pa sekondi, Lilongwe mpaka Dedza masekondi 4, poti kulibe mpweya woubweza. Pa liwiro limenelo sukumba, umaphulika. Umasweka, kusungunuka, gawo lina kusanduka nthunzi, ndipo kuphulika kumakankha mbali zonse mofanana ngakhale mwala ubwere chopendekera. Okhawo obwera chokwawa kwenikweni ndiwo amasiya dzenje lotalika. Dzenje limakula kuposa mwala wake ka 10 kapena ka 20.

Muwauzenso kuti sizidathe. Pa 17 Malichi 2013 makamera a pansi pano adaona kung'anima pa Mwezi. Satelayiti ya Lunar Reconnaissance Orbiter, yomwe yakhala ikuuzungulira kuyambira 2009, idakajambula malowo, n'kufananiza ndi chithunzi chakale, ndipo padapezeka dzenje latsopano la mamita pafupifupi 18. Pofika 2016 adali atapeza maenje atsopano oposa 200 mwa njira yomweyo.

Bambo a Tadala: Ndiye amene akufuna kukamanga nyumba kumeneko denga lake adzafolera ndi chiyani?

Wa ku Bunda: Ambiri akuganiza zokwirira ndi dothi lomwelo. Koma vuto loyamba ndi fumbi la potera. Kamera ya Surveyor 3 ija itabwera kuno adaipeza itakwapulidwa ndi fumbi lomwe injini ya Apollo 12 idaulutsa, chonsecho idatera patali. N'chifukwa chake chombo cha Blue Ghost chomwe chidatera pa 2 Malichi 2025 pa malo akuda a Mwezi otchedwa Mare Crisium chidanyamula makamera oyang'ana pansi, ongojambula mmene moto wa injini ukukokolera dothi.

aMbewe a Zitsime: Mdzukulu wanga akuti adzabwere nawo Lachisanu linalo, ngakhale amaphunzira kwina. Aloledwa?

Nabanda wa ku 25: Abwere bambo, ndipo mubwere naye. Ndikufuna mudzawafotokozere nokha za mulu wa pakamwa pa chitsime, ine ndinayesa koma sizinakome ngati mmene munanenera.

aMbewe a Zitsime: Ndidzaona ngati thupi lilola. Mudzandikonzere mpando, sinditha kuima nthawi yaitali.

Mayi a Chisomo: Madamu, beseni langa. Mawa ndi Loweruka, ndili ndi zochapa.